Mfuti ya a Orval

Galaja ya a Orval Tackett inali kumapeto kwa tauni yathu, pomwe msewu wa tala umakhotera kuminda ya tirigu. Kuno ku Oklahoma munthu wopanda galimoto ali ngati wopanda miyendo, choncho panalibe banja lomwe silinaimepo pakhomo pawo. Anali bambo wamtali, wa zikhatho zosachoka oyilo, ndipo matenda a injini ankawamva ndi khutu. Ukangoimika galimoto, iwo n'kupendeketsa mutu, basi akuuza chavuta usanatsegule pakamwa. Kawirikawiri ankalondola. Tsoka la munthu wolondola kawirikawiri ndi lakuti amafika poiwala kuti kulakwa kuliko.

Kunsi kwa shati yawo, chakumbuyo kwa chiuno, kunkakhala kamfuti. Kwathu kuno zimenezi sizidabwitsa munthu, ena amalowa nazo ndi m'tchalitchi momwe, ndipo a Orval chilolezo anali nacho. Anayamba kuyenda nako kalekale, kuchokera tsiku lomwe anyamata awiri analowa m'galajamo dzuwa likuwala, n'kugwetsera pansi akazi awo a Nadine pakauntala, iwo akuonerera chimanjamanja. Tsiku limenelo analumbira kuti wa m'banja mwawo sadzakhudzidwanso iwo ali moyo. A Nadine anadzamwalira pambuyo pake ndi khansa, mdani amene mfuti siimuopseza, koma kamfutiko kanatsala m'chiuno, chipolopolo chili kale pamalo pake.

Mnzawo wa paubwana, a Delbert, omwe anapuma ntchito ya positi, ankabwera m'mawa uliwonse kudzamwa khofi waulere ndi kudzawaseleula.

"Iwe Orval, tsiku lina chidzakuphulikira m'thalauzamo chimenecho. Udzatsala ndi thako limodzi."

"Limodzi lomwelo lidzaposabe nkhope yakoyo kukongola," ankayankha a Orval mutu uli m'injini. "Ine mfuti ndinaidziwa ndisanadziwe alifabeti."

"N'chifukwa chake alifabetiyo sunaimalize."

Koma ukalamba suodira. Msana unayamba kuvuta. Akagona chagada pa thabwa la timatayala lolowera kunsi kwa galimoto, mfutiyo inkawabaya pafupa ngati mwala m'nsapato. Ndiye anayamba kachizolowezi: kuisolola m'chikwama chake chachikopa, kuiika pomwe dzanja lafika, n'kudzaibwezera akatuluka. Pamene ankagwira ntchito okha, panalibe woifunsa.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Lorinda, namwino pa nyumba yosamalira okalamba. Mwamuna wake, Cody, ankagwira ntchito ku zitsime za mafuta, kutali, ndipo ankatha masabata osaoneka. Anali ndi kamtsikana ka zaka zinayi, dzina lake Marnie. Lorinda akakhala ndi ntchito ya masana, Marnie ankaswera kugalaja. Kamwana kameneka ndi komwe kanawabwezera a Orval kuseka atasiyidwa ndi akazi awo. Ankakatchula kuti bwana wanga, anakagulira kaovolosi kake, ndipo ukafika pagalajapo unkapeza miyendo iwiri italiitali itatulukira kunsi kwa galimoto, pambali pake kabwanako katanyamula sipanala ndi manja onse awiri, kakulamula.

Tsiku lina Lorinda pobwera kudzatenga mwana anapeza mfuti ili pabenchi logwirirapo ntchito, pakati pa masipanala, Marnie akusanja mabawuti pansi chapomwepo. Anayamba wamunyamula mwanayo, kenako anagogoda galimotoyo ndi phazi.

"Adadi, tatulukani kunsiko."

A Orval anatuluka akudzipukuta m'manja.

"Ichi n'chiyani?"

"Ukufunsa ngati sunakulire m'nyumba mwanga. Ndi mfuti."

"Pabenchi? Mwana ali pompa?"

"Ndimamuona. Timiyendo take ndimationa ndili kunsi komweku." Anatembenukira kwa mdzukulu wawo. "Bwana wanga, tawauza amayi akowa. Ukaona mfuti umatani?"

Marnie anatsika n'kuima njo, manja kumbuyo, ngati ku Sande sukulu. "Sindigwira. Ndichokapo. Ndikanena kwa akuluakulu."

"Wamva?" anatero a Orval, nkhope ili ngwee.

"Adadi, ameneyu amalakatulanso bwinobwino kuti mabisiketi a galu sadya. Dzulo lomweli ndamuchotsa ina mkamwa. Mwana wa msinkhu uwu mawu amaloweza, koma dzanja lake silimva."

M'mawa mwake Lorinda anabwera ndi kabokosi kachitsulo, kaja kotseguka ndi chala cha mwiniwake yekha. Anakaika pabenchi a Delbert akuona.

"Mukafuna kulowa kunsi kwa galimoto, muziika umu. Kutsegula kwake n'kuphethira kwa diso."

A Orval anakatembenuza kabokosiko ngati nsomba yokayikitsa pamsika. "Ndiye wakuba akalowa ndizimuuza kuti dikirani kaye achimwene, nditsegule bokosi?"

"Wakuba analowa kamodzi zaka zonsezi. Marnie amalowa tsiku lililonse."

"Kamodzi komweko anagwetsa mayi ako pansi ine ndikuona!" Mawu awo anakwera mpaka malata anayankha. "Iwe usandiphunzitse mfuti. Ndinakulera iweyo mfuti zili m'nyumba. Kodi unafa?"

Lorinda anali mwana wa bambo ake, nkhongono za mkamwa anali nazo, koma anasankha kulankhula motsitsa.

"Sindikuti muitaye, adadi. Ndikudziwa chomwe mumayendera nayo. Koma sankhani chimodzi: izikhala m'chiuno mwanu osachokamo, kapena m'bokosi. Apo ayi, Marnie ndizikamusiya kwa amake Cody."

Mawu amenewa ndiwo anawalasa. Anayang'ana kamwana kaja kakukwera pa mulu wa matayala.

"Chabwino. Izikhala m'chiuno. Bokosi lakoli tenga ukabweze."

"Likhale pompa."

Lorinda atachoka, a Delbert anaika kapu yawo pansi. "Orval, mwanayu akunena zoona."

"Nawenso wayamba unamwino? Imwa khofi wangayo uzipita."

Kabokosi kaja anakakankhira kunsi kwa shelefu, kuseri kwa zigubu za oyilo. Lonjezo lokhalo analisunga ndithu kwa masabata angapo. Ankalowa kunsi kwa galimoto mfuti ili m'chiuno, akulumira mano, akutukwana chamumtima.

Kenako kunafika tsiku lina mwezi wa Julaye, dzuwa lake loswa mtengo. Mlimi wina anabweretsa pikapu yovuta giyabokosi, ndipo ankaifuna tsiku lomwelo chifukwa kumunda ntchito inali itaima. Marnie atadya nyemba ndi chikondamoyo anagona pa sofa ya muofesi, fani ikumuuzira. A Orval analowa kunsi kwa pikapuyo, koma bawuti ina inali pamalo poti munthu apinde msana kuti aifikire, ndipo akati apinde, mfuti inkawabaya mpaka misozi. Anatuluka, anakasuzumira muofesi. Mwana anali m'tulo tofa nato, chala chili mkamwa.

"Kanthawi kochepa chabe," anadziuza okha.

Pabenchi sanaiike, ayi. Anaona kuti achenjerepo. Anaiika pamwamba pa kabati yaitali ya zipangizo, yowafika iwo m'mapewa, n'kuivundikira ndi kansanza. Mwana wa zaka zinayi angafike pamenepo? Chomwe sanachiganizire n'chakuti pamwamba pa kabati yomweyo m'pamene ankabisa chitini cha masiwiti, omwe ankamupatsa Marnie mozemba amayi ake. Malo onse m'galajamo, amenewo ndiwo mwanayo ankawadziwa bwino koposa.

Wailesi inali kulira, makina opopera mpweya akuguguda pakona. A Orval sanamve mwana akudzuka. Sanamve kampando kakukwakwazidwa pa simenti.

Tsiku limenelo Lorinda anaweruka msanga, ndipo anadzera kusitolo kukagula ayisikilimu woti adye onse atatu. A Orval ali kunsi kwa pikapu anaona nsapato zoyera za unamwino zikulowa pakhomo, n'kumwetulira. Kenako nsapatozo zinaima. Chikho cha ayisikilimu chinagwa pansi n'kugubuduka. Ndipo anamva mwana wawo akulankhula ndi mawu omwe sanawamvepo chibadwire chake, mawu otsika, osalala ngati munthu wonyengerera mbalame.

"Marnie, mayi, usagwedezeke. Ika pansi chimenecho pang'onopang'ono."

"Amayi! Taonani, ndapeza cha agogo!"

A Orval anaponda pansi kuti atuluke, mutu n'kugunda chitsulo. Asanafike panja, galaja yonse inaphulika ndi phokoso limodzi.

Mwana anatembenuka mokondwa kuti aonetse amayi ake, chinthucho chinamulemera, ndiye anachifinya ndi manja onse awiri kuti chisagwe. Basi zinali zomwezo. Mphamvu ya mfuti inamugwetsa pakampando, ndipo anakhala pansi atatseka makutu, akulira mopanda mawu. Lorinda anali atatsamira chitseko, akutsetsereka pang'onopang'ono, dzanja lili pansi pa nthiti. Yunifolomu yake inali ikusintha mtundu.

"Lorinda! Mwana wanga! Ndimati kanthawi kochepa, ndimati..."

"Adadi, mtengeni mwana." Anali namwino, ndipo ankadziwa chomwe chamuchitikira. "Mutulutseni. Asaone."

"Dikira ndigwire apa, magaziwa..."

"Mtengeni, adadi."

Manja awiri, anthu awiri. A Orval anagwada pakati pawo osadziwa kolowera, mpaka mayi wa sitolo yoyandikana ndi galajayo, yemwe anamva kuphulikako, anathamangira n'kumufukata Marnie kutuluka naye. Ambulansi sinachedwe. Koma chipatala chachikulu chili kutali ndi tauni yathu, ndipo Lorinda anatsirizika panjira, pakati pa minda ya tirigu.

Pa maliro ake tchalitchi chinachepa. Okalamba a kuntchito kwake anabwera pa njinga zawo za olumala, ena osamvetsa n'komwe kuti wapita ndi ndani, akungofunsa kuti namwino wawo uja ali kuti. Amayi a mumpingo anadzaza matebulo ndi nyama ndi zitumbuwa, koma zinangozizira. Cody anafika kuchokera ku zitsime za mafuta nkhope ili ngati thabwa. Sanakalipe, sanatukwane. Kumanda, anthu atayamba kubalalika, a Orval anamuyandikira n'kutambasula dzanja.

"Bambo, musandigwire," anatero Cody osawayang'ana. "Lero lokha ayi."

"Mwananga, ndilibe mawu."

"Lorinda anandiimbira foni za bokosi lija. Ankalira. Mukudziwa chomwe ndinamuuza? Ndinati usawavutitse madala, amadziwa zomwe akuchita." Anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete. "Ndinamuuza ndine zimenezo."

Nkhani inapita kukhoti, poti malamulo salola kuika mwana pangozi yotere. Loya wawo anakonza zoti akanene: ukalamba, msana, mbiri yabwino ya zaka zonse. A Orval anamukhazika pansi. Anaimirira okha n'kuvomera zonse, n'kuonjezapo ndi zomwe sanafunsidwe, za bokosi, za lonjezo, za masiwiti. Woweruza anawapatsa chilango chogwirira kunja, n'kuwaletsa kudzakhalanso ndi mfuti moyo wawo wonse.

"Bwana, nditsekereni," anachonderera a Orval. "Chonde nditsekereni."

Woweruzayo, mayi wa imvi, anavula magalasi. "Bambo Tackett, kukutsekerani sikudzutsa mwana wanu. Pitani kwanu."

Anapita kwawo. Galaja sinatsegulidwenso. Pikapu ya mlimi ija anadzaikoka ndi thirakitala, giyabokosi ili pambali. Cody anagulitsa nyumba n'kusamukira ku Kansas kwa mlongo wake, pamodzi ndi Marnie, ndipo sanatsanzike. A Delbert ankabwerabe m'mawa uliwonse, tsopano khofi atanyamula okha m'fulasiki. Ankakhala pakhonde awiriwo, maso ali kumsewu, ndipo nthabwala zonse zija zinali zitauma ngati chitsime cha m'chilimwe. Anthu m'tauni sanawasale a Orval. Ankawapatsa moni, ena kuwagwira paphewa. Chifundo chimenecho chinkawawawa kuposa mwala.

Panapita zaka. Tsiku lina foni inalira, ndipo anali Cody.

"Bambo, ndine. Sindikuimba kuti ticheze." Anapumira m'mwamba. "Marnie sali bwino. Kusukulu anauza anzake kuti iye anapha amayi ake. Wasiya kusewera, kudya n'komukakamiza. Ine ndamuuza kuti si iye, azakhali ake amuuza, abusa amuuza. Sakumva. Dokotala amene akumuona akuti mwina amve kwa inu."

Anapangana kukumana pa paki yopumulirako anthu ya tauni ina ya pakati ndi pakati. Inali nyengo yoyoyoka masamba. A Delbert ndiwo anayendetsa galimoto, ndipo njira yonse a Orval ankabwereza chamumtima mawu oti akanene.

Marnie anali atatalika, mano akutsogolo atagweluka. Kumaso anali Lorinda yemwe. Cody anamufikitsa pabenchi n'kukaima chapatali, pansi pa mtengo. Mwanayo anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchilo, miyendo ikulendewera.

"Agogo, mwakalamba."

"Eya, ndakalamba."

Mawu onse a m'njira aja anathawa. Anayang'ana zikhatho zawo, zomwe tsopano zinali zoyera, zopanda oyilo.

"Marnie, tamvera. Zomwe zinachitika tsiku lija, wolakwa ndine. Si iwe."

"Onse amatero." Mwanayo ankayang'ana nsapato zake. "Koma ine ndikukumbukira. Chinali m'manja mwanga. Chinali cholemera."

"Chinali m'manja mwako chifukwa ine ndinachisiya poti uchipeze. Mwana akapeza chinthu amagwira, ndi mmene Mulungu anawalengera ana. Kuchisunga inali ntchito yanga. Amayi ako anandiuza, anandichonderera, anandigulira ndi pochisungira pomwe. Ine ndinakana. Ukafuna wolakwa, ndi uyu wakhala apayu."

Marnie anadzutsa mutu. Kanali koyamba kuti awayang'ane m'maso.

"Amayi anakuuzani?"

"Anandiuza."

"Ndiye munachisiyiranji?"

Apolisi anawafunsa zambiri, loya anawafunsa, woweruza anawafunsa, koma funso limeneli, lofunsidwa chonchi, anali asanakumane nalo. Anafufuza m'mutu mwawo chifukwa chachikulu, cholemera ngati imfa yomwe chinabala, choti mwana achinyamule n'kumvetsa. Sanachipeze.

"Msana unkandiwawa," anatero. "Ndipo ndinkaganiza kuti palibe angandiuze za mfuti."

"Basi?"

"Basi."

Mphepo inkakokolola masamba pansi pa benchi. Kenako mwanayo anafunsa, osati monyoza, koma mmene ana amafunsira akafuna kudziwa:

"Nanga panopa unapola?"

Bambo wamtali uja anapindika pakati, nkhope m'zikhatho, n'kulira mokweza ngati mwana, anthu odutsa akutembenuka. Marnie anawayang'ana kwa kanthawi. Anasendera pafupi, anawasisita pamsana kawiri ndi kadzanja kake, kenako anatsika pabenchi n'kuthamangira kwa bambo ake. A Delbert, omwe ankaonera ali m'galimoto, amati mwanayo atafika anakumbatira Cody m'chiuno n'kuyamba kulira, ndipo Cody anadzanena pambuyo pake kuti kanali koyamba kuti alirire amayi ake.

Timamva kuti Marnie anayambanso kudya, ndipo kusukulu akuchita bwino. Kwa agogo ake sanabwerenso, ndipo iwo sanapemphe. A Orval akadali moyo. Mukadutsa kumapeto kwa tauni yathu mudzawaona pakhonde, atafunda bulangete m'miyendo ngakhale kunja kukutentha. Sanali munthu woipa, ndipo za mfuti ankazidziwadi kuposa ambiri a ife amene timayenda nazo. Koma mwana wawo atabwera ndi langizo, anapeza mutu wadzaza kale, mulibe polowera. Akuluakulu anaona zotere kalekale, ndipo anatisiyira mawu akuti: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.